Katemera wa kutsidya

Linali Lachinayi m'mamawa, tikupirikitsa mbalame m'munda wa mapira, pamene amalume anakocheza bwato ali ndi mtsikana wa msinkhu wanga. Anali msuweni wanga wa kutsidya kwa Shire, ku Mozambiki. Makolo ake anatsala m'nkhondo. Ankanunkha utsi, mapazi atachekekachekeka ndi bango. Amayi anamuyalira pamphasa yanga.

Wailesi inkati dziko lathu silili mbali iliyonse pa nkhondoyo. Koma amalume ankanena motsitsa mawu kuti amuna ena a m'tchire, omenyana ndi boma la kutsidya, amagula mchere pamsika pathu, pomwe asilikali athu akulondera njanji kutsidya komweko. Ine sindinaphunzire kwambiri, koma lero ndimaona kuti boma linkaopa mbali zonse ziwiri.

Mapira atayamba kucha, kunabwera lamulo lakuti othawa nkhondo onse achoke m'makomo apite kumsasa, chifukwa akutsidya ankadandaula kuti tikubisa adani awo. Koma ukanamudziwa bwanji wobwera? Chisena tinkayankhula chimodzimodzi, maliro tinkalira limodzi. Aphunzitsi a m'mudzi mwathu ndiwo anatsina khutu amayi kuti ofufuza akuyang'ana chipsera cha katemera. Ife anatibaya paphewa, akutsidya pamkono, kumunsi kwa chigongono.

M'mawa mwake amayi anaphika phala. Anamuitana msuweni wanga, namugwira dzanja mwamphamvu.

"Mwananga, yang'ana uko," anatero.

Anamuthira phala lowira pamkonopo. Ndimakumbukira fungo lake, ndi nkhuku zikujompha phala lomwe linagwera pansi. Amayi anamumanga sanza, osalira.

Ofufuza atafika, amayi anawauza kuti ndi mwana wawo, wosamva, wagubuduza mphika. Mmodzi anasuzumira chilondacho nayang'ana kumbali. Paphewa sanafunsepo. Mwina anadziwa.

Nyengo yonseyo sindinkawayankha amayi bwinobwino. Ndinkati ndi ankhanza, amuwotcha chifukwa si mwana wawo womubereka. Sindinkadziwa kuti mwana wopanda makolo akalowa kumsasa, kumupezanso kunali kovuta, ndipo kupatula iyeyo, amayi analibe wina wotsala wa kuchimuna kwathu.

Msuweni wangayo anakulira pakhomo pathu, anakwatiwa ku Ngabu. Anamwalira chaka chatha, mvula itangoyamba. Tinamuika m'manda a kwathu, pafupi ndi amayi, ndipo palibe anafunsa komwe anabadwira. Ana ake ndikuwalera ndine.