Mutu Wophunzirirapo Kumeta

Ku Choloma kuno kulibe mutu wometedwa moipa kuposa wa bambo amene amaphunzitsa kumeta kuseri kwa tchalitchi. Uku zigamba, uku mizere yokhotakhota ngati njira za mbewa. Adapuma ntchito kalekale, ndipo maphunzirowo salipiritsa. Ophunzira awo ndi anyamata amene sukulu idawataya, ena ochokera kundende. Lamulo ndi limodzi basi: aliyense amayambira pamutu pa mphunzitsi. "Tsitsi limameranso," amatero. "Koma mnyamata akabwerera kwa achifwamba sameranso."

Atabwera mnyamata wina, Nahún, khosi lonse lili zizindikiro zodinda pakhungu za gulu lake lakale la achifwamba, ngakhale anzake adakana kumupatsa mitu yawo. Doña Marleny, mayi wogulitsa chakudya chotchedwa baleada panja, adachita kulowa.

"Achimwene, mwatopa nawo moyo? Ameneyu mpeni amaudziwa, koma osati wometera."

Bambowo adakhala pampando, kudzipaka thovu, kupereka lumo, n'kutsinzina. "Ndevu, mwanawe. Yambira pakhosi."

Nahún adayamba kumeta. Lumo lidatsetsereka, magazi n'kuyenderera m'thovu muja. Mnyamatayo adaliponya pansi, maso ali kukhomo.

"Ukufuna undisiye ndi tsaya limodzi?" adatero bambowo osatsegula maso. "Tsuka lumolo, umalize."

Adamaliza. Masana omwewo bambowo adazungulira msika wonse bala lili pamtunda, akuimitsa aliyense wa ndevu zowirira.

"Wandimeta ndi Nahún. Loweruka mubwere, akhala alipo. Khositu ndi ili, likadali pamalo pake."