Telala Amene Anachedwetsa Chikwama

Ine ndimameta tsitsi pafupi ndi geti la yunivesite, ndipo chimene chimandilekanitsa ndi shopu ya Azakhali ndi khoma lamatabwa basi, choncho musandifunse kuti nkhani zawo ndimazidziwa bwanji. Si azakhali anga enieni, ndipo si azakhali a munthu aliyense mumsewu muno, koma ngakhale aphunzitsi aimvi amawaitana choncho. Ntchito yawo ndi utelala. Amasoka bwino, pamenepo sindingawanamizire, koma pa nkhani ya "bwerani mawa" palibe wowaposa. Buluku langa linalowa m'shopu mwawo ndili wowonda, pano ndinasiya kulifunsa poti silingandikwanenso.

Anafika mumsewu muno amuna awo atamwalira, ali ndi makina osokera amodzi ndi tebulo lalitali lodulirapo nsalu. Sukulu anailekera panjira, ndipo akamanena zimenezi sachita manyazi, amangokwiya. Ana ophunzira za makompyuta anawazolowera chifukwa cha soketi. Mnyamata wina anapempha kutchaja laputopu podikira malaya ake, mawa lake anabwera ndi mnzake, posakhalitsa theka la tebulo linali la nsalu, theka la ana asukulu. Ana a olemera sabwera kuno. Amene amabwera ndi aja oti laputopu imodzi anthu anayi, aja amalemba pulogalamu papepala n'kukaima pamzere ku labu kuti akaone ngati igwire ntchito.

Mnyamata woyamba uja atapeza ntchito anabweretsa laputopu yake yakale. Wina anachitanso chimodzimodzi. Lero pashelefu ya ulusi pali malaputopu angapo okalamba, iliyonse m'kathumba kake ka zidutswa za nsalu, ndipo ina imasokosa kuposa makina anga ometera. Lamulo la Azakhali ndi limodzi: ukakhala patebulo lawo, uziwafotokozera zimene ukuchita. Samvapo kanthu, ndipo sabisa. Amangoti "eya" ndi "ndiye kenako?" mapini ali kukamwa. Mwana amafotokoza, n'kufotokoza, kenako mawu ali pakati amadzimenya pamphumi: "Aa! Ndaona pamene ndalakwitsa!" Azakhali amagwedeza mutu ngati apeza ndi iwo.

Tsono panali mtsikana wina wa chaka chachitatu amene tinkamutcha Magalasi, poti mwendo umodzi wa magalasi ake unali womanga ndi ulusi. Kwawo ndiye anali woyamba kuponda pa yunivesite. Ankakhala kumapeto kwa tebulo ali ziii, lamulo lofotokoza lija n'kumalizemba. Ndiye analephera mayeso olemba mapulogalamu. Anamupatsa mwayi wobwereza kamodzi. Akalepheranso, sukulu imuchotsa, ndipo bungwe limene linkamulipirira limusiya.

M'mawa wina anafika ndi chikwama chachikulu chapaulendo, chopanda kanthu.

"Azakhali, zipi iyi ikukana kutseka. Mungandikonzere lero?"

Azakhali anayang'ana chikwama, n'kuyang'ana mwini wake. Pakati pa temu munthu sakonzetsa chikwama chapaulendo.

"Ukupita kuti?"

"Kwathu."

"Kuli matenda?"

"Ayi. Ndatopa, Azakhali. Mutu wangawu si wa zimenezi. Amayi ndawauza kale kuti ndikubwera."

Ine kuseri kwa khoma ndinazimitsa makina, kusiya kasitomala atametedwa mbali imodzi, kudikira ulaliki. Ulaliki sunabwere.

"Chabwino, mwana wanga. Koma zipi zazitali chonchi zandithera. Ubwere mawa."

Bodza lenileni! Zipi zinali zodzaza katoni, ndipo amene anawanyamulira katoniyo kuchokera pa basi ndine.

Mawa lake Magalasi anabwera. Azakhali anamuuza kuti wogulitsa zipi wadwala.

"Khala kaye apo ndimalize diresi iyi. Funso linakugwetsa lija linkati chiyani?"

"Simungamve, Azakhali."

"Ndani wati ndikufuna kumva? Wailesi yanga yafa, ndikufuna phokoso."

Mtsikana anaseka pang'ono, n'kuyamba kung'ung'udza za kusanja manambala, aang'ono patsogolo, aakulu pambuyo. Azakhali anamukankhira laputopu yosokosa ija osamuyang'ana n'komwe.

Kuyambira pamenepo zifukwa zinkabadwa m'mawa uliwonse. Zipi yabwera koma ndi yofiira. Singano yaikulu yathyoka. Magetsi ndi ochepa, ngakhale makina awo ndi opalasa ndi miyendo. Tsiku lina anati sizasi yawo ndabwereka ndine, ndipo Magalasi analowa m'shopu mwanga nkhope ili gwaa.

"Achimwene, bwezani sizasi ya Azakhali. Mukundichedwetsa."

Ine, munthu wamkulu wopemphera, ndinayang'ana mwana wa eni m'maso n'kumuuza kuti sizasiyo ndabwereketsanso kwa wosoka nsapato. Ndinachita manyazi, koma ndinakondwa kuti nanenso andilowetsa m'ntchito.

Masiku onsewa mtsikana ankadikira chikwama chake patebulo, akufotokoza. Mnyamata wina wa chaka chomaliza anamva pamene ankakakamira, n'kusendera naye pafupi ndi pensulo. Paja mutu umodzi susenza denga. Koma Magalasi sanali chitsiru, ndipo tsiku lina mtima unamukwera.

"Mukundiseweretsa, Azakhali! Ndipatseni chikwama changa, ndipita nacho chosatseka."

Azakhali analavula mapini m'dzanja, anatulutsa chikwama pansi pa tebulo n'kuchiika patsogolo pake.

"Tenga, ndi chako. Sindingakumange. Ine tsiku limene ndinachoka pasukulu palibe anandifunsa kuti ukupita kuti, ndipo mpaka lero ndimawakwiyira anthu amenewo. Iwe sudzatero, ndakufunsa. Koma zadzulo zija unasiyira pakati. Manambala aja atasinthana malo, kenako chinachitika n'chiyani?"

Mtsikana anagwira lamba wa chikwama. Ine ndinali nditaika diso pa kabowo ka thabwa. Kenako Magalasi anasiya lamba uja n'kukoka mpando. Madzulo a tsiku lomwelo tinamva "phaa!" Anali atadzimenya pamphumi koyamba, mwamphamvu moti magalasi anakagwera m'bokosi la mabatani. Tebulo lonse linaombera m'manja, ngakhale kasitomala wanga amene sankadziwa chikuchitika.

Tsiku la mayeso Azakhali anasoka thumba la malaya a munthu chadodolido, n'kukalipira mwini malayawo kuti nsalu yake ndi yoterera.

Zotsatira zitatuluka, tinamuona Magalasi akuchokera ku geti ali liwiro, nsapato imodzi kumanja. Anangowagwera Azakhali pakhosi, makina n'kusoka mzere wokhota pa siketi ya eni.

"Ndakhoza! Azakhali, ndakhoza!"

"Eya," anatero Azakhali, misozi ikutsikira pa tepi yoyezera. "Ndiye kenako?"

Anthu titaseka mokwanira, Azakhali anatulutsanso chikwama chija, n'kutenga kachidutswa ka kandulo, kupaka m'mano a zipi uku ndi uku, kukoka kamodzi. Zipi inatseka bwinobwino.

"Azakhali! Nthawi yonseyi inkangofuna kandulo?"

"Telala sanama, mwana wanga. Amangochedwa."

Magalasi anakhala pansi penipeni, pakati pa zidutswa za nsalu, n'kutulutsa foni. Chifukwa cha changu anakanikiza polakwika, mawu n'kumamveka shopu yonse. Tinamva mayi ake akufunsa kuti afika liti, poti malo ogona anamukonzera kalekale.

"Amayi, musandidikire. Sindibwera. Ndakhoza, nditsala kuno mpaka ndimalize."

Kenako tinamva chinthu chikugwa ngati beseni, ndi mayi uja akuthamangira panja foni ili m'manja, osaidula, akuitana anzake oyandikana nawo nyumba mmodzimmodzi kuti abwere adzamve, mwana wawo wakana kubwera.