Atelala Athu ndi Diso Lawo Limodzi

Atelala athu, amene tawaika m'manda sabata yatha, anakula ndi diso limodzi. Linalo linalasidwa ndi waya ali kamtsikana, koma sanadandaulepo. Ankati, "Mulungu anaona kuti limodzi likwana kulowetsa ulusi pasingano." Ndi diso limenelo analera ana a malemu mchemwali wawo, nasokanso nsalu za paguwa ndi mikanjo ya kwaya.

Imvi zitayamba, tsiku lina ali pamakina anaona ngati chinsalu chakuda chikutsika m'diso. Dokotala anapeza kuti kachikopa ka kumbuyo kwa diso, kolandira kuwala, kanali katamatuka. Anawachita opaleshoni n'kuikamo mpweya woti uzikankhira kachikopako pamalo pake, ndipo anawalamula kugona chafufumimba masiku angapo, osadzutsa mutu. Anati akatswiri akuyesa guluu wopangidwa kuchokera m'magazi, woti akamata naye wodwala sadzafunika kugona chotero, koma anali asanavomerezedwe. Mpaka lero timangomva kuti akuyesabe!

Apa ndiye pamandiwawa mtima, abale anga. Mpingo wonse unakhamukira kukawazonda. Mlamu wawo anayesa kuletsa pakhomo, koma anthu anamukalipira kuti, "Bambo inu, mukuletsa pemphero?" Atelala anali munthu wosatha kupatsa mkulu moni chigonere. Ankadzuka, kupereka mpando, kugwada, n'kuyimba nawo. Yatuluka kwaya, alowa amayi a mumpingo. Atuluka amayi, alowa akulu a mpingo, aliyense ndi pemphero losadziwa ameni. Kachikopa kanamatukanso, diso linazima, makina anafunditsidwa nsalu.

Sanaimbe mlandu munthu aliyense, ngakhale ine ndikanaimba. Koma kuyambira pamenepo, akamva kuti wina wachitidwa opaleshoni ya diso, ankapempha wowatsogolera, n'kukakhala pampando pakhomo pa wodwalayo, ndodo ili pamiyendo. Ngakhale abusa anabwezedwapo.

"Pepani abusa, pemphererani pompano," anatero Atelala. "Mulungu si wogontha, ndi panja pomwe amamva."

Anamwalira mwamtendere masana ena, atangomaliza kupemphera. Mlembi wa mpingo wathu, amene anawerenga Mawu pamaliro, anawerenga ndi diso limene Atelala analilondera pakhomo.

Mawa lino mkazi wa akalipentala akuchitidwa opaleshoni yomweyo, ndipo pakhomo pawo palibenso wogwira ndodo. Ngati munawakonda Atelala, chonde khalani kwanu.