Kanjira ka kunja

Ndinali mphunzitsi wa masamu wongoyamba kumene pa sukulu ina ku Nangongwe, ndipo ntchito zonyansa zonse zinkagwera ine. Ina inali yojambula mizere ya mpikisano wothamanga pabwalo la mpira, ndi oilo wakuda wochokera kugalaji. Ndinadandaula, koma kenako ndinati basi, ana aphunzirirepo masamu.

Ndinatuluka ndi kalasi yonse, chingwe ndi zikhomo. Tinayeza tinjira tisanu ndi kamodzi tozungulira bwalo, ndipo ana anapeza okha kuti kanjira kalikonse kamaposa ka mkati mwake ndi mamita pafupifupi asanu ndi atatu. Nchifukwa chake wothamanga kunja amayambira patsogolo. Woyamba kuzimvetsa anali mtsikana wina wamtali, wosalankhulalankhula, amene ankathamanga ngati wapsa phazi. Amalume ake anali atamuuza kale kuti chaka chimenecho nchomaliza kusukulu, akayambe kugulitsa nsomba kumsewu wa ku Lusaka. Chiyembekezo chake chinali chimodzi: awiri oyamba ankapita ku mpikisano wa boma lonse, komwe sukulu zogonera zinkatenga ana aliwiro nkuwaphunzitsa ulele.

Tsiku la mpikisano, makolo ataona ana ataima motalikirana, phokoso linabuka. "Kukondera uko! Uja ali kutsogolo ni mwana wa ndani?" Aphunzitsi aakulu a masewera, bambo amene wisulo sinkachoka pakamwa, anabwera nafufuta mizere yanga ndi nsapato.

"Bonse pamzere umozi," anatero. "Ndiye mwamene timachitira kuno. Ndipo aliyense mu kanjira kake, wotulukamo nimuchosa."

Ine ndinayamba kufotokoza, iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Imwe ba masamu, mwabwera liti pano?" Ndinali ndisanatsimikiziridwe pantchito. Ndinatseka pakamwa, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Pa mpikisano wozungulira bwalo kamodzi, mtsikana uja anamuika m'kanjira ka kunja kwenikweni, poti ndi wamtali. Anayang'ana pakhonde pomwe ndinaima, ine ndinayang'ana pansi. Mayo, mwana anathamanga! Pokhota pomaliza anadutsa awiri, fumbi lili koboo, iye wopanda nsapato. Anafika wachitatu, kumbuyo kwa wachiwiri ndi masitepe awiri okha. Makolo anaomba m'manja, nati wayesetsa.

Sanalire. Anabwera kwa ine akupumira m'mwamba, milomo itayera.

"Ba ticha, nathamanga mamita pafupifupi fote kuposa uja wa mukati. Si so?"

Ndinati ndi choncho.

"Benangu sibaziba. Imwe munali kuziba. Nanga munankhalira chani zii?"

Ndinamuuza kuti chaka chamawa tidzakonza. Bodza lamanyazi, chifukwa tonse awiri tinkadziwa kuti iye analibe chaka chamawa. Temu yotsatira ndinaitana dzina lake m'kalasi milungu itatu, mpaka ahedi anandiuza kuti ndilifufute.