Kiyi wa Chimbudzi

Pa puloti yomwe tinkachita lendi ku Zingwangwa panali mabanja ambiri koma chimbudzi chimodzi, chokhoma ndi loko. Kiyi ankakhala pamsomali pakhonde la mayi eni nyumba, amene ankatandala pomwepo akukazinga zitumbuwa zogulitsa. Ukafuna kudzithandiza, unkayamba wawapatsa moni. Motero mimba ya aliyense ankaidziwa, ndipo mayi aja sankasunga nkhani.

Achemwali anga, amene anandilera, anali pa ma ARV. Tinkadziwa awiri basi. Anali ndi thupi lawo labwino, ankagulitsa kaunjika pamsika, palibe akanawaganizira.

Nyengo yotentha mipopi inauma, tonse n'kuyamba kutunga pachitsime cha m'mbali mwa mtsinje wa Naperi. Puloti yonse inatsegula m'mimba. Ena onse zinawasiya, koma achemwali ayi.

Tsiku lina ndikuchapa ndinamva mayi aja akuwayankhula mokweza ngati akuitanira malonda.

"Kiyiyu mungomutenga akhale wanu. Anzanu anachira kalekale, inu ndiye mwatani?"

Ogula zitumbuwa anaseka. Achemwali anaseka nawo, koma atalowa m'nyumba anakhala pamphasa n'kundiuza kuti, "Pakhonde paja sindipondanso."

Nzeru yomwe anapeza inali yosiya kudya ndi kumwa. Ankati m'mimba mukakhala mopanda kanthu, kiyi sadzamufuna. Mapiritsi nawo anasiya poti ndi njala ankawachititsa chizungulire. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinalira. Ndinawapatsa kandowa koti azidzithandizira m'nyumba, koma kokataya kunali komweko, kodzera pakhonde lomwelo. Za chipatala ankati tidikire apezeko mphamvu, kuti atuluke akuyenda okha. Munthu ankatha ndikuona, milomo itang'ambika, maso atalowa, chifukwa cha kiyi. Ndinali ndi mantha, komanso ukali woti ndikamva fungo la zitumbuwa ndinkafuna kukagubuduza chiwaya chonse.

M'mawa wina analephera kudzuka. Ndinawabereka ndi chitenje, munthu amene ankandibereka ine, n'kudutsa nawo pakhonde paja puloti yonse ikuonerera. Anali opepuka ngati mwana.

Kuchipatala anayeza chimbudzi chawo n'kupeza tizilombo tochokera m'madzi. Namwino anati kwa munthu wa chitetezo chochepa tizilombo totere sitichoka tokha, koma chithandizo chilipo, bola kubwera msanga. Ankanena izi akufunafuna mtsempha woti abaye diripu. Mitsempha inali itabisala.

Chakumasana achemwali anatsegula maso n'kundigwira dzanja.

"Anthu anationa?"

"Sanatione, achemwali."

"Chabwino."

Sanayankhulenso.

Pamaliro mayi eni nyumba ndi amene anatsogolera nyimbo, ndipo ankalira zenizeni. Nditabwerako kumudzi ndinatola mwala n'kuphwanya loko uja, kumenya mpaka zala zinatuluka magazi. Mayi aja anasiya chiwaya pamoto n'kubwera.

"Mwana wanga, loko walakwanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze zonse, amve. Kenako ndinakumbuka kuti achemwali anasiya ngakhale madzi akumwa kuti mayi amenewa asadziwe. Ndinangotaya mwala uja n'kulowa m'nyumba.