Kukayezetsa Usipa wa Patuma

Ndinanyamuka ku Senga Bay dzuwa lisanalimbe, beseni laling'ono lili pamiyendo, pa kabaza wa munthu amene sankadutsa dzenje la mumsewu osalowamo. M'besenimo munali usipa wa mwana wanga Patuma. Padoko panali patamveka mphekesera yoti Patuma amawaza mankhwala a tomato pa nsomba zake kuti tizilombo tisaziwononge. Mayi amene amamugula matumba onse, n'kumakagulitsa ku sukulu ina yogonera komweko, anati satenganso mpaka oyeza a ku Lilongwe atanena kuti nsombazo zili bwino. Matumba anali atadzaza chipinda, mvula ili pafupi. Patuma ali ndi khanda, mwamuna wake ali ku Joni, ndiye woyenda ndinali ine.

Pa Salima ndinapeza minibasi imene ankati kwatsala munthu mmodzi kuti inyamuke. Nditakhala, anthu ena amene anali mkatimo anayamba kutsika mmodzimmodzi. Sanali apaulendo, anangowakhazika kuti galimoto ioneke yodzaza. Tinadikira mpaka malaya ananyowa kumsana.

"Madala, beseni lipite kumbuyo ndi katundu mnzake," anatero kondakitala.

"Ayi, muli nsomba zokayezetsa. Zingaphwanyike."

"Zikudwala chiyani nsombazo?"

"Mwina shuga," anayankha mayi wina kumbuyo, galimoto yonse n'kuseka.

Kondakitala anati beseni la pamiyendo limalipira theka la munthu. Tinakangana mpaka pa Kaphatenga, ndipo ndinapereka kuti angotseka pakamwa.

Pa chitunda cha ku Mvera injini inatentha. Tinatsika tonse, dalaivala n'kumathira madzi a m'chigubu, ine nditaima padzuwa ndi beseni ngati ndanyamula mwana wodwala. Pa Chezi anakweza thumba la kabichi, ndipo malo ake anapezeka kuti ndi paphewa panga. Ndinalitchinga ndi chigongono njira yonse. Ndinagula chimanga chootcha pawindo, koma chinali chouma moti mano amene anditsalira anachikana.

Bambo wa tayi amene anakhala pambali panga anavundukula nsalu ya pa beseni osapempha, n'kutola kausipa kamodzi n'kutafuna.

"Usipa woyera bwino chonchi sindinauonepo. Mukugulitsa bwanji, achimwene?"

"Si wogulitsa."

Sindinamuuze chimene a padoko akuuganizira usipawo. Anali atameza kale.

Mu tauni ndinasochera. Ine sukulu ndinalowa ya kwacha, imvi zili kale m'mutu, ndiye chikwangwani ndimachiwerenga nditaima, ndipo a mu Lilongwe sadikira munthu woima. Nditapeza nyumba yoyezera, magetsi anali atathima. Ndinakhala pa benchi mpaka jenereta inalira. Kenaka kunabwera mayi wachitsikana wovala chovala choyera ndi magolovesi, n'kulandira beseni, ine n'kumufotokozera za Patuma, mayi wogula ndi sukulu ija. Ataona kuti benchi yalowa dzuwa, anandiikira mpando pakhomo la chipinda chake, n'kundiuza kuti ndisalumphe mzere wa pansi ndipo ndisagwire kanthu.

Anatapa usipa wanga uja, umene ndinaulipirira theka la munthu kuti usathyoke ngakhale mchira, n'kuuthira m'kachigayo kamagetsi. Kanalira pang'ono basi, zonse n'kusanduka ufa.

"Mayi, mukanandiuza ndikanaukhalira m'minibasi."

Anaseka. "Pepani agogo. Makina athu sadziwa nsomba. Amadziwa madzi okha. Ndiye ngati muli mankhwala, tiyenera kuwatulutsa m'nsombamu kuti alowe m'madzi."

Pa ufa wonsewo anayeza pa sikelo wongokwana supuni. Anauika m'kabotolo kapulasitiki kotalika ngati chala, n'kuthira madzi pang'ono kuti ufewe. Kenaka anathira madzi ena a m'botolo lofiirira, a fungo lolasa m'mphuno, amene anati ndiwo amakoka mankhwalawo n'kusiya nsomba. Anatseka n'kukhutchumula mpaka mkono unatopa. Anathiramo mchere wawo, n'kukhutchumulanso, n'kuika kabotoloko m'makina ozungulira ngati akupota chingwe. Potuluka, zinthu zinali zitapatukana: pansi madzi wamba, pakati phala la nsomba, pamwamba madzi achikasu pang'ono.

"Apamwambawa ndi amene tikufuna," anatero. "Koma usipa uli ndi mafuta, ndipo mafuta amatseka makina. Ndithiramo kaufa koyera aka kuti kagwire mafutawo, ndisefe, ndiye tiyeze."

Ntchito yonseyo kuti apeze madzi osakwana kumeza kamodzi. Ndinaona kuti nanenso ndinene ntchito yanga, asaganize kuti akumudzi timangobweretsa zinthu mwachisawawa.

"Simuvutika nawo usipa umenewo. Ndinasankha wabwino wokhawokha, ndinautsuka bwinobwino, n'kuuyanikanso pa thandala latsopano."

Dzanja lake linaima m'malere.

"Mwati munatani, agogo?"

"Ndinautsuka. Munthu sungabwere kwa anthu ndi zafumbi."

Anaika pansi kabotolo kaja, n'kuvula magolovesi.

"Mankhwala owaza amakhala pakhungu la nsomba. Inu mwatsuka pomwe ife timafuna. Ndikhoza kumaliza, mwina makina n'kunena kuti mulibe kanthu. Koma ndikhala nditayeza kutsuka kwanu, osati matumba a mwana wanu. Za sukuluzo adya ana a anthu. Dzina langa sindingaikepo."

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza za kabichi, za Mvera, za theka la munthu. Anamvetsera zonse, kenaka anandiuza chofunika: nditape m'matumba angapo, pamwamba, pakati ndi pansi, osasankha, osapeta, osatsuka, ndiike m'pepala latsopano, ndipo mayi wogula uja akhalepo akuona. Zoduka mitu ndi zafumbi zomwe.

"Mwana wanuyo akudziwa kuti munatsuka?"

Ndinayang'ana mzere wa pansi uja. Patuma sankadziwa. Iye anatapa m'thumba n'kundipatsa, ine n'kukatsukira kuseri kwa nyumba yanga. Ntchito ya nsomba anaiphunzira kwa ine, ndipo ndikudziwa kuti ali mwana maso ake ankandiona ineyo ndikuwaza mankhwala pa usipa wanga.

Ndinagona kwa mphwanga ku Kawale, n'kubwerera mmawa mwake. Galimoto inali ina koma makhalidwe omwewo. Kondakitala wake anayang'ana beseni lopanda kanthu n'kunena kuti nalonso ndi katundu. Sindinakangane naye, mphamvu zinali zitatha.

Ndinafika padoko dzuwa lili paliwombo. Patuma anali pa thandala akutembenuza usipa, mwana ali kumsana.

"Ati bwanji, ababa?"

"Ati tibweretse wina."

"Uja unachepa?"

"Ndinautsuka."

Anasiya kutembenuza. Ine ndinkayembekezera kuti afunsa chifukwa chake. Sanafunse. Anangopukuta manja pa chitenje n'kunditsogolera kuchipinda cha matumba. Anaimbira foni mayi wogula uja, ndipo atafika, Patuma anamasula matumba onse, ngakhale amene sanafunsidwe.

"Pisani nokha, ababa. Mpaka pansi. Ine sindikhudzako."

Chimene ndabwera nacho ku ulendowu n'chakuti oyeza safuna ulemu wathu. Amafuna chinthu mmene chilili, ndi fumbi lake lomwe. Zotsatira sizinatuluke, ndipo msewu uja ukundidikira kachiwiri, ndi makabichi ake. Koma pamene ndinkalowetsa mkono m'thumba mpaka m'khwapa, Patuma anagwira kukamwa kwa thumbalo n'kulikulitsa kuti ndifike bwino pansi.