Mlendo amene anabwera ndi pulogalamu

Ndinkagwira ntchito ya makompyuta pa loji ina ya mumsewu wa Nakatindi pamene eni ake anagula pulogalamu yaikulu yosungitsira zipinda. Inkayenera kulumikiza onse: olandira alendo, a kukhitchini, okonza m'zipinda, ngakhale galimoto yokatenga anthu ku bwalo la ndege. Seva, kompyuta yaikulu yoyendetsa zonsezo, tinaiika m'kachipinda kosungiramo matawulo. Matawulowo anakhalabe momwemo poti analibe kwina kopita.

Kuika pulogalamuyo kunandidyera Loweruka lonse. Ndinayamba ndi nkhokwe yosungiramo za alendo, kenako pulogalamu yeniyeniyo, imene inakana kudzuka mpaka nditailozera bwinobwino kumene kuli nkhokweyo. Ndili pakati magetsi anathima, jenereta inatsokomola n'kulira, ndinayambiranso. Dzuwa likupendeka zonse zinayenda. Manijala wathu, mayi wa ku Mongu wosaseka pa ntchito, anasuzumira pa sikirini.

"Yasebenza, ba injiniya?" anandifunsa, kutanthauza ngati yagwira ntchito.

"Yasebenza."

Zimene opanga pulogalamuyo sananene n'zakuti anasiyamo mlendo wongopeka, woti anthu aziphunzirirapo. Dzina lake linali mawu a Chingerezi otanthauza kuyesa. Anali atasungitsa chipinda choyang'ana kumtsinje, sankadya nyama, ndipo ankayenera kufika Lolemba pa ndege ya masana.

Lolemba pulogalamu inagwira ntchito yake mosaphonya. Okonza m'zipinda anayala bedi n'kuika maluwa. Kukhitchini anaphika nyemba ndi bowa. Dalaivala wathu, bambo wachikulire amenenso anali mkulu wa mpingo, analemba dzinalo pa chikwangwani pansi pa dzina la loji, n'kunyamuka.

Ine ndinazindikira nditaona dzinalo pa bolodi ya kukhitchini. Ndinathamangira ku ofesi.

"Ba manijala, uyu muntu kulibe."

"Kulibe bwanji? Si uyu ali mu kompyuta yanu?"

"Ni wa chitsanzo chabe."

Anandiyang'ana. "Manje chitsanzo sichidya nyama?"

Ndinaimbira foni dalaivala kuti abwerere, poti munthu amene akudikirayo kulibe.

"Kulibe bwanji, ba injiniya?" anatero mosatekeseka. "Nili nabo mu motoka."

Tonse tinakaima pakhomo kudikira. M'galimoto munatsika mayi wachizungu wa imvi, atafiira ndi kutentha, akukoka chikwama cha matayala. Loji imene anasungitsako malo inali itamuiwala. Anthu onse atatha pa bwalo la ndege, anatsala awiri okha, iye ndi bambo wa chikwangwani, ndiye mayiyo anamuyandikira n'kufunsa ngati kwathu kuli chipinda.

"Babwela beka pa chikwangwani," dalaivala anandiuza. "Ine nifunse chani?"

Manijala anamulandira ndi manja awiri ngati munthu amene takhala tikumuyembekeza, ndipo linali bodza pang'ono chabe. Mayiyo ataona maluwa pa bedi anagwetsa misozi. Nyemba anadya, koma mawa lake anafunsa mwaulemu ngati kuno nkhuku zimapezeka. Anakhala nafe mpaka kumapeto kwa sabata, n'kuchoka ndi mvuu yosema ya ku msika wa ziboliboli wa Mukuni Park imene inakana kulowa m'chikwama.

Atapita, ndinakhala pansi kuti ndichotse mlendo wachitsanzo uja. Pulogalamu inakana kumufufuta popanda chifukwa, ndipo pa zifukwa zimene inandipatsa panalibe chakuti munthuyo sanabadwe. Ndinasankha chakuti anasintha maganizo.